Mutu 6: Chigamba pa Chidendene cha a Telala

1. Mphuno ya Kamphuno

Mwana aliyense amabadwa ndi mphatso yake. Kamphuno, mtsikana wa Fomu 2, anabadwa ndi mphuno. Akalowa m'nyumba ya munthu, asanapereke n'komwe moni, amakhala atadziwa kale kuti mkaka wa pashelefu wasasa ndiponso kuti kuseri kwa kabati kwafera khoswe. Akanunkhiza chosamukomera, ankakwinya kamphuno kakeko mpaka maso kutsinzina. Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo linamukakamira moti ngakhale aphunzitsi ankamuitana lomwelo.

Tsono taonani tsoka lake. Mwana wotereyu ndi amene anapezeka m'nyumba ya munthu wa chilonda.

Bambo ake anali telala. Ankasokera m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba, koyang'ana kumsewu, ndipo anthu onse ankangowatchula kuti a Telala. Makina awo anali opalasa ndi phazi. Phazi lamanja limenelo ndi limene linkadyetsa banja, ndipo yunifolomu iliyonse imene Kamphuno anavalapo inatuluka pansi pa singano yoyendetsedwa ndi phazi lomwelo.

A Telala ankadwala shuga. Matendawa anawachititsa dzanzi kumapazi, moti tsiku lina anaponda phini n'kuyenda nayo m'chidendene tsiku lonse osamva kanthu. Phiniyo anaizula, koma kabowo kake sikanatsekeke. Kanakula n'kusanduka chilonda, chilondacho n'kukhazikika ngati kwawo. Mafuta opaka, mabandeji ndi mapiritsi zinatha, icho chili pompo.

Nanga fungo lake! Linali fungo lolemera, ngati la nyama yoiwalika m'jumbo. A Telala anachoka okha kuchipinda chogona n'kuika kabedi m'chipinda chosokera, ati mwendo uzipitidwa mphepo. Aliyense anadziwa kuti anali manyazi.

Kamphuno anasiyiratu kulowamo. Podutsa pakhomopo ankakokera kolala ya bulauzi kumphuno n'kufulumiza mwendo.

2. Chigamba chopanda pakamwa

Loweruka lina amayi ake anamuuza kuti awaperekeze popita ndi bambo ake kuchipatala. Amayiwo ankagwira ntchito yochapa kuhotela, kuchoka kusanache, kubwera dzuwa litalowa. Foni yojambula m'nyumbamo inali imodzi, ndipo woidziwa bwino anali Kamphuno.

"Nanga ine ndikataniko, Amayi? Kuchipatalatu kumanunkha."

"Ukanunkhizeko. Vala nsapato."

Nesi wa kuchipinda cha zilonda anali mayi wachikulire, wamagalasi, wosaseka pachabe. Atatsuka chilonda chija, anang'amba kathumba konyezimira n'kutulutsa chinthu chimene Kamphuno anali asanachionepo. Chinali chachikasu, chofewa, chonyowa, choonekera m'kati, ndipo chinkanjenjemera pachikhatho cha nesiyo.

"Iii! Ngati mamina oundana!" Mawuwo anangomupulumuka.

Amayi ake anamutsina pantchafu, koma a Telala anaseka.

"Ine ndasoka zigamba moyo wanga wonse," anatero. "Lero chigamba andiika ndine."

Nesi anachimata pachidendene, anakanikiza m'mbali mwake, kenako anatembenukira kwa Kamphuno.

"Mwanawe, sendera kuno. Usaime pakhomo ngati wadzapala moto. Ichi ndi chigamba cha jelo. Mbali yake yaikulu ndi madzi, koma madzi ogwirana, osatayika. Chimasunga chilonda chonyowa bwino kuti mnofu watsopano umere. M'kati mwa jeloyu muli mankhwala opha majeremusi, ndipo mankhwalawo satuluka wamba. Majeremusi akayamba kuswana, madzi a pachilonda amasintha, jelo uja amamasuka n'kuyamba kudontheza mankhwala pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo mtundu wake umasinthanso. Chikakhala chachikasu chonchi, kuli mtendere. Chikayamba kubiriwira, nkhondo yayamba, ndipo ine ndiyenera kudziwa tsiku lomwelo kuti ndiwaitane bambo akowa tidzawaonjezere mankhwala ena. Chikada ngati inki, ndiye kuti mankhwala atha, majeremusi atsala okha akuvina.

"Tsono nditchere khutu. Anthu akamva kuti chigamba chanzeru, amaganiza kuti chichita zonse chokha. Nzeru chili nazo, koma chilibe pakamwa, chilibe miyendo. Sichingakuwe, sichingakwere basi kubwera kuno. Bambo akowa sangachione chifukwa chili kunsi kwa phazi, ndipo maso awo shuga anawachititsa nkhungu. Kupweteka sadzakumva, phazi lawo linachita dzanzi. Mayi ako amachoka kuli mdima, kubwera kuli mdima, ndipo mtundu uwu pagetsi umanamiza. Watsala ndiwe. M'mawa uliwonse usanapite kusukulu, uzitsegula katani, kuvula sokosi, kuyang'ana ndi maso ako, kujambula, n'kunditumizira. Pakamwa pa chigambachi ndi iweyo. Ukakhala chete, nachonso chakhala chete, ndipo chilonda cha shuga chikapeza anthu achete chimakwera mwendo. Ndaona miyendo yambiri ikulowa m'chipinda chino ndi eni ake, eni akewo n'kudzatuluka okha. Wamva?"

"Ndamva," anayankha Kamphuno, dzanja lili pamphuno.

3. Nzeru za Chidule

M'mawa mwake analowadi. Anatsegula katani, bambo ake n'kusanjika mwendo pampando. Sokosi anaikoka ndi zala ziwiri, nkhope atayang'anitsa kumbali.

Jelo uja anali atamwa madzi a pachilonda n'kufufuma. Poti anali woonekera, zonse zinali poyera: bowo lofiira, m'mbali mwake motuwa ngati zala za munthu wochapa tsiku lonse. Fungo linamulowa mpaka kukhosi. Anajambula, anatuluka chothamanga, n'kukasanza pangalande ya kuseri kwa nyumba. Tiyi wa tsiku limenelo sanamwe.

Posakhalitsa yankho la nesi linafika pafoni: "Zili bwino. Mawanso."

Mawu akuti mawanso aja anamuwawa kuposa kusanza.

Lolemba, atasanzanso kachiwiri, anakadandaula kwa mnzake wa m'kalasi wotchedwa Chidule. Ameneyu anali asanayendepo njira yaitali chibadwire. Kusukulu ankalowera pabowo la mpanda, masamu ankakopera, ndipo mabuku ankawerenga tsamba lomaliza lokha.

"Koma ndiwe wogona!" anatero Chidule. "Nesiyo akufuna chithunzi, eti? Sakufuna iweyo. Mawa ukalowe kamodzi, ujambule zambirimbiri. China chapafupi, china chapatali, china chopendekera. Ukatero uzingotumiza chimodzichimodzi uli pabedi pako."

"Nanga chikasintha mtundu?"

"Chisinthe chifukwa chiyani? Si wati chili ndi mankhwala m'kati? Chizidzigwirira ntchito chokha. Chanzeru chanji chofuna mlonda?"

Mawu opusa, akakhala kuti akukuchotsera ntchito yonyansa, amamveka ngati a munthu wophunzira. Kamphuno anawatola onse.

Tsiku lotsatira analowa atamanga mpango wothira perefyumu kumphuno. Anajambula chapafupi, chapatali, chopendekera, foni ili kuthwanima ngati mphezi.

"Lero n'zambiritu," anatero a Telala. "Tikupita nazo kumpikisano?"

"A Nesi ati ndizijambula mbali zonse, Bambo."

Pakakolo pa bambo ake panali patamatirira kaulusi kofiira, kopindika ngati mbedza. M'chipinda cha telala ulusi sumasowa. Kamphuno anakaona, koma kuti akachotse anayenera kukhudza khungu, ndiye anangokasiya. Anabwezera sokosi mwamsanga n'kutuluka.

4. Nsanza pansi pa chitseko

Masiku otsatira anali okoma. Kamphuno ankadzuka, kusankha chithunzi, kutumiza, n'kumwa tiyi wake mwamtendere. Nesi ankayankha kuti zili bwino.

Nesi anali atawaletsa a Telala kupalasa makina mpaka chilonda chitapola. Ankangokhala pakabedi n'kumasoka mabatani ndi mipendero pamanja, madiresi ndi mathalauza a anthu ali mulu patebulo kudikira phazi. Akamva nsapato za mwana wawo pakhonde, ankaitana.

"Kamphuno, wadzuka bwanji mwanangu?"

"Ndadzuka bwino, Bambo, koma ndachedwa kusukulu!"

Chakudya chawo ankachiika pampando wa pakhomo n'kugogoda, ngati mmene amachitira ndi mkaidi.

Madzulo amayi ake akafika, funso linali limodzi. "Watumiza?"

Kamphuno ankawaonetsa chithunzi chachikasu ndi yankho la nesi. Tsiku lina amayiwo anasuzumira m'chipinda chosokera n'kufunsa amuna awo, "Analowa mwanayu m'mawa?"

Kamphuno anatchera khutu.

"Analowa," anayankha a Telala.

Mtsikanayo anadabwa, koma sanafune kufufuza. Anangoti mwina bambo ake asokoneza masiku.

Kenako fungo linasintha. Amayi ake sanazindikire, chifukwa mankhwala oyeretsera nsalu a kuhotela anawapha mphuno kalekale. Koma Kamphuno anazindikira tsiku lomwelo. Silinalinso la nyama yoiwalika. Tsopano linali la ngalande yotsekeka, losakanikirana ndi kutsekemera koipa kumene kumakakamira m'zovala. Ntchentche zikuluzikulu zobiriwira zinayamba kusonkhana pachitseko. Mayi wina wodzatenga diresi lake anaima pakhonde, anameza malovu, n'kunena kuti adzabweranso.

Mphuno imene inkadziwa za khoswe wa kuseri kwa kabati ya eni inadziwanso kuti m'phazi la bambo ake mwalowa china. Ndiye mwana uja anachita chiyani? Anatenga nsanza n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko kuti fungo lisamafike pabalaza. Kunena zoona, pofika apa chonyansa kwambiri m'nyumbamo sichinalinso chilonda.

5. Zithunzi ziwiri

Bodza silichedwa kutha m'thumba. Zithunzi zambiri zija zinali zosaoneka bwino, poti anajambula nkhope ili kumbali, ndipo zabwinozo zinatha. M'mawa wina Kamphuno anamanganso mpango wake, anakankha nsanza ija ndi phazi, n'kulowa kuti akajambule zina.

Kunja kunkatentha, koma bambo ake anali atafunda bulangeti mpaka m'khosi. Thukuta linali kamukamu pamphumi, mano akugundana.

"Wabwera, mwanangu," anatero motsitsa.

Anatsegula katani. Sokosi inali yonyowa, yamathothomathotho, itamatirira kuphazi. Poikoka inamveka ngati ukumatula pepala pakhoma.

Chigamba chija chinali chakuda bii, ngati inki. Chinali chitatupa mpaka kumatuka mbali imodzi, ndipo pamenepo pankatuluka mafinya otuwa amene ankayenderera kuzala. Phazi lonse linali litafufuma, khungu likunyezimira, ndipo kufiira kunali kutadutsa kakolo. Perefyumu wa pampango sanathandize kanthu.

Kamphuno anajambula n'kutuluka. Pageti anapeza Chidule akumudikira kuti azipita kusukulu. Anangomupatsa foni.

"Iii, chotsa! Ukufuna ndisanze?" Chidule anabweza nkhope, koma kenako anayang'ananso, maso akuwerengera. "Iwe, ukatumiza ichi wagwidwa. Dzulo chachikasu, lero chakuda? Chobiriwira chinadutsa liti? Nesiyo si mwana."

"Nditani tsono?"

"Bweretsa. Foni iyi imayeretsa anthu nkhope mpaka amayi awo osawazindikira, ndiye ilephere kachigamba?"

Zala za Chidule zinathamanga pagalasi. Posakhalitsa chigamba chakuda chija chinali chobiriwira bwinobwino, ndipo kufiira kwa pakakolo kunali kutazilala.

"Tumiza chobiriwirachi lero. Chakudacho udzatumize mawa kapena mkuja. Zikatero zayenda mwadongosolo, palibe angakuloze chala."

Zithunzi ziwirizo zinali pagalasi moyandikana. Kamphuno anaziyang'ana, chala chili m'mwamba.

M'nyumba munamveka kapu ikugwa n'kugubuduka pasimenti. Kenako mawu a bambo ake, ofooka, osaitana munthu aliyense, ongodzilankhulira: "Aa, madzi aja atayika."

Kamphuno anadina chakuda chija n'kutumiza.

"Wadziotcha wekha," anatero Chidule. Anakoleka chikwama paphewa n'kumapita.

Foni inalira asanafike n'komwe pakhonde. Anali nesi.

"Bambo ako akutentha thupi?"

"Akunjenjemera, a Nesi."

"Imbira mayi ako kuntchito. Mubwere nawo tsopano lino, ndipo phazilo lisaponde pansi."

6. Ulusi wofiira

Woyendetsa takisi anatsitsa magalasi onse anayi. Kuchipatala a Telala anawalowetsa pa njinga ya odwala.

Nesi anavala magolovesi n'kumatula chigamba chija. Chinachoka cholemera, chikudontha, n'kugwera m'mbale yachitsulo kuti phwa! Fungo linadzaza chipinda moti ngakhale nesiyo, amene anakalambira pa zilonda, anatembenuza mutu kaye. Bowo lija linali litakula ndi kuzama, m'mbali mwake mutada.

Kamphuno anayamba kubwerera chambuyo.

"Ima pompo," anatero nesi osacheuka. "Ugwire mbaleyi."

Anaigwira. Misozi ya nseru inkatsika yokha, koma anaigwira mpaka nesi anamaliza kutsuka.

Atawatumiza a Telala kuwodi, nesi anavula magolovesi, anatulutsa foni yake n'kuitana mayi ndi mwana.

"Mayi, chigamba ichi sichidumpha kuchoka pachikasu kufika pakuda usiku umodzi. Chinabiriwira, chinamenya nkhondo masiku angapo chokha mpaka mankhwala kutha. Tsono taonani zithunzi zimene ndakhala ndikulandira. Mukukaona kaulusi kofiira aka pakakolo? Onani apa. Onaninso apa. Apanso. Kupindika kwake komweko, malo ake omwewo. Ulusi umenewu unamera pamwendo?"

Amayi a Kamphuno anayang'ana zithunzizo, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Nanenso ndinagona," nesi anapitiriza. "Ndinkangoyang'ana mtundu, ulusiwu ndauona lero. Koma chithunzi cha lero n'choona, ndipo chikanachedwa tsiku linanso bwenzi tikukamba zina."

Anatuluka n'kuwasiya awiri. Amayi sanakuwe, sanamenye. Anakhala pabenchi, anamasula duku n'kulipinda pamiyendo, ndipo anayankhula motsitsa, mawu amene amapweteka kuposa mbama.

"Amati tsoka silinunkha. Ili linanunkha, mwanangu, ndipo m'nyumba monse wokhala ndi mphuno yolimva unali iwe. Nsanza ija ndinaiona pansi pa chitseko, ndinkayesa ukutsekera mphepo bambo ako. Kani unkadzitsekera wekha.

"Usaganize kuti ndikukukalipira chifukwa chonyansidwa. Kunyansidwa si tchimo. Nanenso ndimanyansidwa. Zimene ndimapeza m'nsalu za kuhotela sindingakuuze uli pafupi kudya. Thupi la munthu ndi lotero, limatuluka zinthu, limanunkha, lako lomwe. Uli khanda unatsegula m'mimba mpaka tinkaona ngati tikutaya. Ine ndinali nditagona ndi malungo. Ukudziwa amene ankachapa matewera ako? Bambo ako, ndi manja omwe aja amasokera. Ankasanza, kutsuka m'kamwa, n'kubwereranso pabeseni. Sanajambule thewera limodzi loyera n'kumandionetsa tsiku ndi tsiku.

"Ukanabwera kwa ine n'kunena kuti Amayi, ntchito iyi yandikanika, ndikanakwiya tsiku limodzi, kenako ndikanapempha mayi oyandikana nafe aja, kapena kuchedwa kuntchito. Njira inalipo. Koma iwe unasankha kuoneka mwana wabwino, phazi likuwola. Wokana ntchito amasiya mpata woti wina aigwire. Wonama kuti waigwira amatseka mpatawo. Ndi zimene wachita iwe.

"Inenso ndili ndi mbali yanga. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinkafunsa foni m'malo movula sokosi ndi manja anga. Koma iwe ukumbukire ichi mpaka udzakalambe: akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Bambo akonso ndi bambo ako, mwendo ununkhe, usanunkhe. Ndipo mnzako amene amakuphunzitsa njira zachidule, lero ali kuti? Ali m'kalasi, mapazi a bambo ake ali awiri."

Kamphuno analira mpaka kolala ija, imene inkatseka mphuno, inanyowa.

7. Mzere wa dokotala

Masana a Telala anali atagona kuwodi, diripi ili pamkono, mwendo uli pamapilo. Dokotala anabwera, anagwiragwira mwendowo, n'kutulutsa cholembera m'thumba. Anajambula mzere wabuluu kuzungulira mwendo, pamwamba pang'ono pa pamene kufiira kunalekezera, chapakati pa kakolo ndi bondo.

"Mankhwala amphamvu akulowa kudzera m'diripimu," anatero. "Kufiiraku kukaima, kapena kukayamba kubwerera m'munsi, phazi talipulumutsa, ndipo tidzaikanso chigamba china. Koma kukadumpha mzerewu, ndiye kuti majeremusi akutithamangira. Zikatero mundiitane msanga, tidzakambe za kufiyeta, kochitira opaleshoni."

Atachoka, a Telala anadzutsa mutu n'kuyang'ana mwendo wawo.

"Mzere ndimaudziwa ine," anatero. "Ukaulemba ndi choko pansalu, chotsatira ndi sizasi."

Palibe anaseka. Amayi anapukuta m'maso, anati akatenge zofunda ndi zovala kunyumba, n'kutuluka. Nesi uja anabwera kudzaona diripi. Anakokera mpando kumiyendo kwa bedi n'kuloza Kamphuno.

"Khala apa. Foni ubweretse kuno, lero sitikufuna chithunzi. Tikufuna maso."

Kamphuno anapereka foni n'kukhala. Ngakhale anatsuka ndi kumanga bandeji, fungo linalipobe, ndipo nseru inkabwera n'kumapita. Manja anawaika pamiyendo, sanawakwezere kumphuno.

Patapita nthawi anayankhula, maso ali pamzere.

"Bambo, tsiku lija Amayi anakufunsani ngati ndinalowa. Munati ndinalowa. Munaiwala?"

"Sindinaiwale."

"Nanga munanamiranji?"

A Telala anayang'ana kudenga.

"Ndinakumva ukusanza kuseri kwa nyumba tsiku loyamba lija. Tsiku lachiwirinso ndinakumva. Iwe ukuganiza kuti ine sindidzimva fungo? Ndimagona nalo, ndimadzuka nalo. Utajambula zambiri zija ndinadziwa chimene ukuchita. Ndinati msiyeni mwana apume, asamayambe tsiku ndi kusanza chifukwa cha ine. Ndinkangofuna uzindipatsa moni uli pakhomo, ngakhale osalowa."

Kamphuno anaweramitsa mutu. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira mwendo wa bambo ake pamwamba pa mzere. Khungu linali lotentha ngati mbale yochoka pamoto. Aka kanali koyamba kuwakhudza chiyambire chilonda chija.

"Ukuwotcha, eti?" anafunsa a Telala. "Ine sindikumva kanthu. Undiuze iweyo."

Posakhalitsa anagona tulo. Dzuwa linapendeka, kuwala kwake kunalowa pawindo n'kugwera pamwendo pomwepo. Kamphuno anayang'ana kutsogolo kwa mwendo, mpata pakati pa kufiira ndi mzere unalipo. Anayang'ana mbali ya kunja, unalipo. Anadzuka pampando, anagwada pansi, anasendeza nkhope pafupi ndi bandeji mpaka fungo linamudzaza m'kamwa, n'kusuzumira kunsi kwa katumba, kumene munthu wokhala pampando sangaone.

Kumeneko mpata kunalibe. Kufiira kunali kutakhudza inki ya dokotala.

Kamphuno anaimirira, ndipo mawu ake anamveka wodi yonse mpaka kukhonde.

"A Nesi! A Nesi, bwerani msanga!"